Matayala a Dona ndi Keke ya Eni

Inu, sunthirani kuno, basiyo sibwera msanga, ndikuuzeni za a Phuliphuli. Ngati simukuwadziwa musadandaule, muwadziwa pompano. Ndi bambo amene anagwira ntchito m'sitolo ya nsapato kuyambira ali ndi tsitsi lodzaza mutu mpaka dazi linafika kunkhongo, ndipo dzinalo analitengera komweko, chifukwa chilichonse chimene manja awo agwira chimayenera kuwala. Zitseko kunyumba kwawo zimawala, ndowa zimawala, ngakhale mphaka amati akawaona atanyamula nsanza, amatulukira pawindo.

Tsiku limene anapuma pa ntchito, mwini sitolo anawapatsa galimoto yake yakalekale, ija ya mphuno yaitali, mabampala achitsulo, mipando yachikopa, hutala yolira ngati ng'ombe yaimuna. A Phuliphuli anaitcha Dona. Akazi awo ankaitchula kuti "mkazi mnzanga," ndipo potero sankaseka ayi.

Tsono nkhani yathu ili pa matayala. Matayala a Dona anali omwewo amene mwini sitolo anagula mwana woyamba wa a Phuliphuli asanabadwe, ndipo mwanayo lero ali ndi ana ake opita kusukulu. Koma mukanawaona! Akuda bii, owala, mano ake onse alipo, mizere yakuya yoti chala n'kulowa. Nanga akanatha bwanji? Ulendo wa Dona unali wochoka m'garaja kukaothera dzuwa pageti, madzulo n'kubwerera m'garaja. Ndipo a Phuliphuli anali ndi chiphunzitso chawo chimene ankalalikira aliyense woima pampanda: tayala ndi nsapato ya galimoto, nsapato imatha ndi kuyenda, nsapato yosungidwa bwino imakaika mwini wake m'manda. Ankanena zimenezi atakweza chala, ngati mwambi wa makolo, chonsecho anaupeka okha ali m'bafa.

Ndiye poti tayala ndi nsapato, ankalisamala ngati nsapato. Loweruka lililonse ankagwada pa chiguduli ndi chitini cha polishi wakuda, bulashi yopakira, bulashi yowalitsira ndi kansanza kofewa komalizira. M'mbali mwa matayalawo munayamba kale kutuluka timing'alu, tija timachita ku zidendene nyengo yozizira. A Phuliphuli ankationa, sikuti anali akhungu. Ankangotapa polishi ndi chala chachikulu n'kumata mng'alu uliwonse mpaka kusalala, kenako bulashi, kenako kansanza, basi tayala labadwanso. Zaka ndi zaka akumata choncho, moti sindikudziwa ngati chimene chinkagwira Dona chinali labala kapena polishi.

Akazi awo ndi mayi ophika makeke. Anayamba ndi timakeke ta ana a oyandikana nawo, n'kumakwera pang'onopang'ono, mpaka tsiku lina kunabwera mayi wina wamkulu wa anamwino, amene mwana wake ankakwatiwa, kudzaitanitsa keke ya nsanjika zitatu. Mayi ameneyo ali ndi pakamwa pofika patali. Akakuyamikira, tauni yonse imabwera pakhomo pako, koma akakunyoza, ngakhale abale ako amayamba kugula kwina. Akazi a Phuliphuli anadziwa kuti dzina lawo lonse lili pa keke imeneyi. Anaphika, anayesa, anataya, anaphikanso, kukhitchini kukutentha ngati uvuni womwewo, ndipo amuna awo analetsedwa ngakhale kuyetsemula pafupi ndi chitseko.

Atatsala pang'ono kumaliza, a Phuliphuli anaima pakhomo la khitchini, manja kumbuyo, n'kulengeza kuti keke yotere singakwere takisi ngati thumba la makala. Ikwera Dona. Anthu a ku holo akaone kuti keke yachokera m'nyumba ya anthu.

Akazi awo anapukuta manja n'kuwakumbutsa mofatsa kuti holoyo ili kutali, kudutsa mlatho, pa msewu waukulu, ndipo Dona sanapondepo msewu waukulu chibwerere. Anaimbira foni mwana wawo wamkazi kuti athandize, ndipo mwanayo anawauza bambo ake mosapsatira kuti labala amakalamba ngakhale asakuyenda, amauma, amang'ambika m'kati momwe maso safika, ndipo tayala lotero likatenthedwa pa liwiro limaphulika osatsanzika. A Phuliphuli anamvetsera mpaka kumapeto, n'kufunsa mwanayo kuti wagulitsapo nsapato zingati pa moyo wake.

"Abambo," anatero akazi awo foni itadulidwa, "matayala amenewo ndi achikulire kuposa ukwati wathu."

"Ndiye ukwati wathu waphulika?"

Akazi awo anangoti, "Chabwino." Inu amene muli pabanja mukudziwa kuti "chabwino" wotero ndi wofunika kumuopa. A Phuliphuli anamumva ngati chigonjetso.

Tsiku la ukwati anadzitsekera m'garaja kutangocha, wailesi ili pamwamba, akupaka matayala kawirikawiri, moti kunja kukanagwa mtengo sakanamva. Atatuluka anasamba, anavala suti yawo yotuwa ndi tayi yofiira, n'kutulutsa Dona cham'mbuyo. Akazi awo anatuluka m'nyumba atavala diresi yabuluu, wigi yatsopano ndi nsapato za gogoda, atanyamula chikatoni choyera chomangidwa ndi riboni. Amuna awo atatambasula manja kuti alandire, anauzidwa kuti asayerekeze n'komwe kuchikhudza. Mayiwo anakhala kumbuyo, katoni pamiyendo, ndipo ulendo unayamba, a Phuliphuli akuliza hutala pakhomo lililonse kuti anthu asaphonye mwayi woona.

Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Asanatuluke n'komwe m'dera lawo, pa kachitunda kaja amaika pamsewu pafupi ndi sukulu, kunamveka kaphokoso kumbuyo, fwiii, ngati munthu akuuza mwana kuti akhale chete. Dona anayamba kutsimphina. A Phuliphuli anaima, anatuluka, anapeza tayala lakumbuyo lagona pansi, ndipo anatembenukira kwa akazi awo n'kunena kuti ndi msomali, ana a masiku ano amangotaya misomali paliponse. Msomaliwo anaufunafuna ndi maso ndi zala, koma mpaka lero sunapezeke.

Sanataye mtima, poti m'buti munali sipeya. Ndipo sipeyayo, abale, inali namwali weniweni: sinapondepo pansi chipangidwire, tiubweya tija ta tayala latsopano tikadalipo. Anaitulutsa monyadira n'kuionetsa kwa anthu amene anayamba kusonkhana. Chimene sanaone n'chakuti inauma gwa ngati mtondo, ndipo mbali imene inatsamira kwa zaka zonsezo inaphwatalala. Anakwezera galimoto pa jeke akazi awo ali momwemo, poti anakana kutsika ndi katoni, ndipo ntchito inayamba. Dzuwa linali litakwera, polishi wa m'mawa uja atasungunuka. Anagwira tayala, manja bii. Anapukuta thukuta pamphumi, mphumi bii. Anakonza tayi, anakanda mphuno, anagwira thumba kufuna kampango, ndipo pomaliza kumanga manati, munthu anali atapakidwa bwino kuposa tayala. Akazi awo anawayang'ana pawindo n'kukumbatira katoni yawo.

Atanyamuka, sipeya ija inayamba kuonetsa khalidwe lake. Ikazungulira n'kufika pophwatalala paja, galimoto yonse inkati gudu, ikazunguliranso, gudu, mutu wa a Phuliphuli ukugwedera ngati akuvomera mlandu. Gudu aliyense ankawabaya mumtima, chifukwa ankaona m'maganizo nsanjika yapamwamba ya keke ikusuntha pang'onopang'ono. Anafunsa ngati zinthu zili bwino kumbuyoko. Akazi awo anayankha kuti ayang'ane kutsogolo.

Pafupi ndi mlatho pali munthu womata matayala pansi pa mtengo, ali ndi bafa la madzi akuda ndi pampu. A Phuliphuli anaima pamenepo kuti amatitse tayala lophwa lija, achotse chogududza. Tsono mukanayembekeza kuti munthu wa ntchito yake awauza zoona. Ayi ndithu. Uyu anali wa lilime la shuga, woti kasitomala akabwera ndi tayala la ngolo amamuuza kuti ndi la ndege. Anazungulira Dona atagwira pakamwa, n'kunena kuti galimoto zotere zinatha, matayala otere sapanganso, a masiku ano ndi mapepala. Polowetsa chitsulo kuti atulutse chubu, m'mphepete mwa tayala munayoyoka zinyenyeswa zakuda, iye n'kuzipondaponda ndi phazi kuti zisaoneke. Chubu chinatuluka m'zidutswa ziwiri. Anaikamo china chakale chimene chinali pa nthambi, anapopa, anamanga.

Ali pafupi kunyamuka, akazi a Phuliphuli analoza pawindo tayala lakutsogolo. M'mbali mwake munali mutatuluka chotupa chonga chithupsa chakupsa.

"Achimwene, nanga icho n'chiyani?"

Womata uja anachisisita ndi chikhato. "Amenewa ndi minofu, mayi. Tayala lamphamvu limatero."

A Phuliphuli anatembenuka n'kuyang'ana akazi awo ndi nkhope ya munthu amene khoti lamupeza wosalakwa, ngakhale nkhopeyo inali yakuda mbali imodzi. Anatulutsa chitini m'thumba la jekete, poti sayenda opanda chitini, anagwada, n'kupaka minofuyo polishi kuti nayonso iwale.

Apa nthawi inali itawathera. Akwati anali atatuluka kale m'tchalitchi, ndipo a Phuliphuli ankaona m'maganizo mayi wamkulu wa anamwino ataima pakhomo la holo, akuyang'ana tebulo lopanda keke. Atangowoloka mlatho n'kulowa msewu waukulu, anachita chinthu chimene sanachitepo: anaponda mafuta mpaka pansi. Dona anatsokomola, anadzuma, kenako anakumbukira utsikana wake. Inu, galimoto ija inathamanga! Mitengo ikudutsa, mphepo ikulowa, a Phuliphuli chifuwa chili patsogolo, akupitirira mathiraki ndi kuwaimbira hutala. Phula linali lotentha loti n'kukazingirapo dzira, ndipo matayala amene kwa zaka zonsezo ankangodziwa ulendo wa pageti anayamba kufunsana kuti talakwanji.

Choyamba kunamveka phwa, phwa, phwa, kumbuyo. A Phuliphuli anaganiza kuti ndi anthu a m'mbali mwa msewu akuwaombera m'manja, mpaka anakweza dzanja kuwayankha. Sikunali kuomba m'manja. Chikopa chapamwamba cha tayala lakumbuyo, chija chokhala ndi mano okongola aja, chinali chitasendeka ngati khoko la nthochi ndipo chinkakwapula galimoto kunsi. Pa galasi anangoona chinthu chakuda chachitali chikuuluka n'kukagwera pakati pa msewu. Asanamalize kudabwa kuti njoka yotere yachokera kuti, minofu ija yakutsogolo inaphulika.

Phuu! Mbalame zinabalalika m'mitengo. Chiwongolero chinawalanda manja, Dona anakhotera kumbali ngati waitanidwa, ndipo a Phuliphuli anaponda mabuleki ndi mphamvu zawo zonse, chimene chinangowonjezera misala. Galimoto inazungulira, inasiya phula, inadumpha kangalande, inathyola mpanda wa mapesi n'kukaima ndi mphuno m'dimba la kabichi la munthu wina. Poima paja, chikatoni chija chinachoka pamiyendo ya akazi awo, chinadutsa pamwamba pa mpando, chinamenya galasi lakutsogolo n'kugwera pansi chadodolido.

Kunangoti zii. Fumbi likutsika, injini itazima, kukungomveka kachitsulo kena kakuti tiki, tiki.

Pano ndisanamize, a Phuliphuli anachita mantha enieni, mantha amene sanawamvepo. Za Dona anaiwala. Anatuluka, anagwa m'kabichi, anadzuka, anatsegula chitseko chakumbuyo, akuitana akazi awo ndi kadzina kaja ankawaitanira asanakwatirane, kamene sindingakatchule pano chifukwa ndinalonjeza. Anawapeza atakhala bwinobwino, wigi itatembenuka kuyang'ana kumbuyo, nsapato imodzi palibe. Anawagwira mapewa, anawagwira mutu, anawagwira masaya, ndipo paliponse pamene agwira ankasiyapo chidindo chakuda.

"Mwavulala? Tayankhulani, mayi."

"Ndili moyo. Chotsani manja, mukundipaka."

Ndi pamene maso a bambowo anagwera pa katoni. Inali itaphwanyika ngodya, riboni itamasuka, itagona chadodolido pansi pa chiwongolero. A Phuliphuli anasiya chitseko. Anakhala pansi pa kabichi wa eni, suti ndi tayi zomwe, n'kugwira mutu. Anakumbukira masiku onse amene mkazi wawo anaima pa uvuni, maluwa a shuga amene anaumba limodzilimodzi ndi zala zotupa, ndi pakamwa pa mayi wamkulu wa anamwino. Misozi inatsika n'kulemba mizere iwiri yoyera pa polishi.

Fisi akagwa m'mbuna sayankhula, koma uyu anayankhula. Anati iye ndi chitsiru. Anati mwana uja ananena zoona, labala amakalamba, ndipo tayala si nsapato, chifukwa nsapato ikang'ambika munthu sugwera m'dimba la eni. Anati akanapha mkazi wake chifukwa chofuna kuti anthu amuone. Anati apita yekha ku holo, akagwada pamaso pa mayi uja ndi alendo onse, akanena kuti wophika alibe mlandu, wolakwa ndi woyendetsa. Akazi awo anakonza wigi, anapeza nsapato ija pansi pa mpando, n'kumamvetsera osawadula, ngati munthu amene akumva nyimbo imene wakhala akuipempha pa wailesi kwa zaka zambiri.

"Ndiye mkazi mnzangayu mutani naye?" anafunsa atatha.

"Satulukanso pageti mpaka atavala matayala atsopano. Onse, ndi sipeya yomwe."

"Ndipo akakalamba amenewo?"

"Ndidzasintha, ngakhale mano akhale alipo."

"Polishi?"

A Phuliphuli anasisita thumba la jekete mmene munali chitini. Apa ndiye panali popweteka. "Wa nsapato zokha."

Mwini dimba anali atafika, khasu paphewa, pamodzi ndi anthu ena amene anamva kuphulika, ndipo mayiwo anawapempha onse kuti akhale mboni, amuna awo n'kubwereza lonjezo lonse mokweza. Atatha, mayiwo anauza amuna awo kuti atulutse katoni ija aitsegule.

A Phuliphuli anakana. Anati mtima wawo sungapirire kuona. Akazi awo anati atsegule basi. Anaitulutsa mwaulemu ngati anyamula maliro, anaiika pa boneti, anatseka diso limodzi n'kukweza chivundikiro.

Munalibe keke. Munali nsapato zafulati za akazi awo, zija amavala popita kumsika, ambulera, botolo la madzi, sopo ndi thaulo, zonse zitakulungidwa bwino m'bulangeti kuti zisagwedere.

Anayang'ana m'katoni, anayang'ana akazi awo, anayang'ananso m'katoni, mpaka anakweza bulangeti kuona ngati nsanjika zitatu zabisala pansi pake. Mayiwo anatenga nsapato zafulati zija, anavula gogoda, n'kuyamba kuvala mosafulumira atatsamira chitseko cha Dona. Anafotokoza kuti keke inanyamuka m'mawa pa takisi, mng'ono wawo ataigwira, nthawi imene bambo anali m'garaja kupaka matayala awo. Panopa ili patebulo ku holo, yaima nji, ndipo mayi wamkulu wa anamwino anaimba kale foni iwo asanachoke kunyumba kuti sanaonepo yokongola chotero. Sopo ndi thaulo n'za bambo, asambe kumaso, chifukwa kuchoka pano mpaka ku holo ndi ulendo wapansi ndipo iwo sayenda ndi munthu wooneka choncho.

A Phuliphuli anakhala kukamwa kuli yasa. Chimwemwe chinabwera, manyazi anabwera, kenako kunabwera kaukali pang'ono, poti munthu walira pagulu, pa kabichi, chifukwa cha ambulera.

"Ndiye munadziwa kuti matayala aphulika?"

"Ngakhale mphaka ankadziwa."

"Keke munaiopera, osaikweza."

"Keke ya eni ndingaiike pa matayala amenewo?"

A Phuliphuli anaima kaye, akupukuta m'maso ndi thaulo limene linada nthawi yomweyo. Kenako anafunsa funso limene linkawavuta kwenikweni, ndipo analifunsa motsitsa mawu, kuti mwini dimba asamve.

"Nanga inuyo munakwereranji?"

Akazi awo anatambasula ambulera, anawapatsa kuti awafunditse, n'kuwagwira mkono kuti adumphe ngalande.

"Ine ndinalumbira pamaso pa anthu kuti ndidzakhala nanu pa mtendere ndi pa mavuto pomwe," anatero. "Keke sinalumbire."